Mpando Umodzi Wopita ku Silchar

Kanali kaphokoso kakang'ono: tha tha tha, kenaka zii, kenaka tha tha. Ndinakamva ndili chigonere, Tultul atagona bere lili m'kamwa. Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 12 koloko usiku. Kaphokosoko ndinkakadziwa bwino, ndi zala za amuna anga pa laputopu. Amakhala pansi kukhitchini atatsamira filiji, chifukwa ndi pokhapo pamene kuwala sikudzutsa mwana. Iwo amati mipando ya m'ndege yogula ndi mapointi a ku banki imatuluka pakati pa usiku, ndiye kwa zaka zitatu tsopano, anthu akamagona iwo amakhala akusaka.

Usiku umenewo, wa Lachiwiri, kaphokosoko kanandikomera. Madzulo ake Dada, mchimwene wanga Pallab, anali ataimba kuchokera kwathu ku Silchar kuti Ma, amayi athu, agonekedwanso m'chipatala. Miyendo yatupa, mpweya ukuvuta. Ndinawauza amuna anga tikudya, iwo nati, "Usadandaule, ndiona usiku uno." Ndiye nditamva foni yawo ikulira kuti nambala yachinsinsi ya ku banki yafika, iwo n'kunong'ona okha kuti, "Eya, zatheka," ndinati basi, matikiti apezeka. Ndinamupsompsona mwana pamutu n'kumuuza kuti akupita kukaona agogo. Ndinagona tulo tabwino.

Ndisanapitirire ndikufuna muwadziwe kaye munthuyu, chifukwa mukangomva zimene anachita mudzati ndi woipa mtima, pamene si choncho.

Dzina lawo sinditchula pakamwa, ndimangoti bambo a Tultul, koma papepala silingandilume: ndi a Tridib Purkayastha, a zaka 31. Anabadwira ku Badarpur, m'nyumba za a njanji. Bambo awo ankakupiza mbendera ku sitima za katundu, ndipo banja lonse linkayenda ndi chiphaso chaulere, m'chipinda cha sitima chomwe munthu umakhala chikwama chili pamiyendo, mwana wa munthu wina ali paphewa. Amayi awo amati ali wamng'ono ankawerenga chilichonse, mabogi, mizati ya magetsi, ngakhale nsomba za m'mbale kuti aone ngati mkulu wawo wapatsidwa zambiri. Tsiku lina amalume awo anawatengera kumpanda wa bwalo la ndege, naona ndege ikunyamuka. Akuti anabwerako osayankhula mpaka mawa lake. Kufikira lero sanakwereko ndege ngakhale kamodzi.

Kuno ku Pune amagwira ntchito pa kampani yogawa mankhwala m'masitolo, amawerenga makatoni olowa ndi otuluka. Samwa, sasuta, sanandikwezereko dzanja. Akamachokera kuntchito amandigulira mtedza wokazinga wa m'kapepala. Ine sukulu ndinalekeza kalasi ya teni, Baba, bambo anga, atamwalira, ndipo amuna angawa atandifunsira ndinavomera chifukwa ndinaona mmene anathandizira Ma kutsika masitepe, osadziwa kuti ndikuwaona pawindo.

Khadi la banki linabwera chaka chathu choyamba. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wasukulu.

"Taona, Jhumur. Ukagula chinthu cha marupi zana ndi khadi ili, banki imakupatsa mapointi awiri. Pakutha pa mwezi umabweza ndalama zonse, zonse ndithu, tsiku lisanadutse. Ukatero iwo sakudyera kanthu, koma iwe wawadyera mapointi."

"Nanga iwowo ndi opusa?"

"Amadyera amene amachedwa. Ife sitichedwa."

Ndipo zoonadi, sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lobweza analilemba ndi inki yofiira pakalendala ya chithunzi cha mulungu wamkazi Kali, miyezi yonse mpaka Disembala.

Vuto silinali kubweza. Vuto linali kugwiritsa ntchito. Poto wathu wophikira mpunga, wa chivindikiro chothina ndi kamphira, atayamba kutaya nthunzi m'mbali, ndinaona m'kabuku ka banki kuti alipo wina wa mapointi 8,000. Nditawaonetsa anatsala pang'ono kutsamwa tiyi.

"Poto wa marupi 2,000 umupereke mapointi 8,000? Ndiye kuti pointi imodzi waigulitsa mapaisa 25, kota ya rupi. Pointi yomweyo ukaisamutsira ku kampani ya ndege, n'kutenga mpando wakutsogolo, imatuluka marupi awiri, mwina atatu. Ukufuna titaye chuma chifukwa cha poto?"

"Ndikufuna mpunga uzipsa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mai."

Anagula kamphira katsopano ka marupi 40, poto uja n'kuchira. Apa ankanena zoona, sindikana. Ndi chifukwa chake kunali kovuta kutsutsana nawo. Masamu awo sankalakwa.

Popeza malipiro awo ndi ochepa, zogula zathu zinali zochepa, mapointi n'kumabwera pang'onopang'ono. Ndiye anayamba kulipirira anthu ena. Munthu aliyense wa m'nyumba yathu yosanja ino amadziwa kuti bilu ikabwera, a Tridib agogoda. Pansi pathu pamakhala Kaki Gokhale, mayi wamasiye wapakamwa pakuthwa. Ndinkawamva ndili pamwamba.

"Kaki, ya magetsi yabwera?"

"Ee, wafika mkamwini wa banki! Mwana iwe, ngakhale wanga wobereka ndekha sathamangira bilu yanga chonchi."

"Bweretsani ndilipire, inu mundipatse pamanja."

"Tsono iwe upindulanji?"

"Mapointi 34."

"Amadyeka?"

"Amauluka, Kaki."

"Jhumur! Tabwera udzatenge mwamuna wako, wayamba kuuluka ali pamasitepe!"

Tinkaseka tonse, iwonso ankaseka. Analipirira gasi wa anthu, fizi ya ana a mlonda wa pageti, filiji ya mnzawo wa kuntchito. Ngakhale chopereka cha kukachisi anafunsa ngati amalandira khadi, wansembe n'kungowayang'ana.

Zonsezi zinali za ulendo umodzi. Ankafuna tipite ku Singapore, awirife, pa mipando yakutsogolo ija imene imagona ngati bedi. Ankadziwa nambala za mipando yoyandikana, mbali imene dzuwa siliwomba, ngakhale zimene amapereka poyamba munthu ukangokhala.

"Amabweretsa kathaulo kotentha," ankatero. "Ndikufuna ndidzakuone iwe ukupatsidwa kathaulo kameneko, munthu wina akukuwerama."

Ine sindinapemphepo Singapore. Koma munthu akamakuuza zimenezi maso ake akuwala, sungamuuze kuti iwe ukungofuna kwanu.

Ndinayesapo kamodzi. Chaka chatha nthawi ya chikondwerero cha Puja ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, dokotala atandiletsa sitima ya masiku atatu. Ndinati tiyeni pa ndege, mapointi alipo. Anatenga kapepala, anawerengera, nati ulendo wa ku Silchar umatulutsa mapaisa 30 okha pa pointi, ndipo anthu odziwa sachita zimenezo. Anthu odziwawo ndi a m'gulu lawo la pa foni, amuna oposa mazana awiri, ndipo mkulu wawo ndi a Sethi, munthu amene palibe anamuonapo nkhope. Amangotumiza zithunzi za mapazi awo atawatambasula m'ndege. M'gulu limenelo munthu akagwiritsa ntchito mapointi motchipa amati wawotcha, ndipo amamuseka sabata yathunthu. Wina amene anatenga filiji anachita kutulukamo yekha.

Choncho ku Puja sindinapite. Tultul anabadwira kuno, Ma osabwera chifukwa cha mtima wawo. Mdzukulu wawo amangomuona pa foni, n'kumapukuta galasi ndi nsonga ya sari ngati kuti likuwatchinga ndi fumbi. Tsopano mwanayu anali atalowa mwezi wachisanu ndi chiwiri, mwezi woti adye mpunga wake woyamba, amalume ake, a Dada, ndi amene ayenera kumuika m'kamwa. Ma anasunga kambale ka mkuwa kamene ine ndi Dada tinadyeramo wathu. Nthawi iliyonse tikamayankhula ankamaliza ndi mawu omwewo: "Kambale kaja ndakatsuka." Kawiri konse chaka chino anagonekedwa m'chipatala, kawiri konse anatuluka. Ichi muchisunge, chifukwa amuna anga anachiwerengeranso.

Lachitatu m'mawa anapita kuntchito osanena kanthu za matikiti. Ndinati mwina akufuna adzandidzidzimutse madzulo, amakonda zotero. Ndinachapa matewera onse, ndinayanika m'nyumba chifukwa kunja kunali mvula, ndinalongedza chikwama n'kuchiika pafupi ndi khomo. Atabwera anachiyang'ana chikwamacho, kenaka anapita kukasamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali. Ine ndimaona zinthu. Ndinaona kuti mtedza sanabweretse, kuti akudya osandiyang'ana, kuti Tultul atawagwira chala sanamuimbire kanyimbo kake. Koma sindinafunse. Ndinkaopa yankho. Usiku umenewo kukhitchini kunali zii.

Lachinayi cha m'ma 11 koloko Dada anaimba. Anali panja pa wodi, ndinkamva mabedi a matayala akudutsa.

"Jhumur, wanyamuka?"

"Ayi, Dada, tikukonza."

"Mukukonza chiyani? Dokotala wati amene ali kutali abwere. Wamva? Sananene kuti sabata yamawa."

"Akuyankhula?"

"Pang'ono. Andituma kunyumba ndikatenge kambale kaja. Akuti kazikhala pafupi."

Ndinaimbira amuna anga kuntchito, chinthu chimene sindichita. Ndinangoti, "Bwerani." Anafika pasanathe ola, malaya atanyowa, chisoti cha njinga chili m'manja.

"Ndege yathu ndi ya liti?" ndinafunsa asanavule nsapato.

"Jhumur, khala kaye pansi."

"Sindikhala. Ndinakumvani Lachiwiri usiku. Munati zatheka. Ndi ya liti?"

Anaika chisoti pansi pang'onopang'ono, ngati chingasweke.

"Ku Silchar ndinayang'anadi," anatero. "Mipando inalipo iwiri. Koma inkafuna mapointi 48,000 pa matikiti a marupi 15,000. Ndiye usiku womwewo kampani ina yakunja inali ndi mwayi, ukasamutsira mapointi zana kwa iwo amakuwonjezera makumi atatu. Mwayiwo unkatha 12 koloko. Zimachitika kamodzi pa zaka ziwiri, Jhumur. Gulu lonse linkasamutsa."

"Ndiye?"

"Ndinasamutsa."

"Angati?"

"Onse. Anali 140,000, tsopano ndi 182,000. Akukwana ku Singapore, kupita ndi kubwera, awirife."

"Abwezeni."

"Sabwerera. Akapita apita."

"Ndiye gulani a ku Silchar kwa akunjawo."

"Ndege zawo sizipita ku Silchar."

Tultul anali pamphasa akumenya supuni pansi, n'kumatiyang'ana wina kenaka wina.

"Ndinati Ma atuluka ngati maulendo ena aja," anapitiriza, mawu ali pansi. "Kawiri konse anatuluka. Ndinati kumapeto kwa mwezi tipita pa sitima, mwambo wa mwana tikachita bwinobwino, ndipo mapointi atsala."

"Munawerengera amayi anga?"

"Sindinatero."

"Munatero. Kawiri anatuluka, ndiye kachitatu atulukanso. Ndionetsetse anathetsa nkhosa, bambo a Tultul. Gulani ndi ndalama, basi."

Anatsegula foni. Tikiti ya mawa lake inali itakwera kufika marupi 21,000 munthu mmodzi. Ku banki kunali ya lendi yokha. Ndinati nanga khadi, si ntchito yake imeneyi? Apa ndi pamene anandiuza chachiwiri. Sabata yatha anali atalipirira holo ya ukwati wa mlongo wake wa a Wagh, mnzawo wa kuntchito, kuti adutse mlingo wa pachaka umene banki imapatsirapo mapointi ena 10,000. A Wagh adzabweza akalandira, kumapeto kwa mwezi. Khadi linali lodzaza mpaka pakhosi, kutangotsala marupi osakwana 4,000.

"Sitima ilipo ya mawa usiku," anatero. "Malo ogona atha, koma ndikhoza kuyankhula ndi munthu."

"Ifika liti?"

"Lolemba."

Sindinathe kunena kuti Ma sangafike Lolemba. Mawu amenewo ukawatulutsa umakhala ngati wawaitanira. Ndinangoyamba kuvula zibangili zanga ziwiri za golide, zimene Ma anandiveka tsiku la ukwati. Sizinavulidwepo, ndipo manja anali atanenepa chiberekere mwana. Ndinapaka sopo wotsukira mbale, n'kukoka mpaka khungu kufiira.

"Ukutani?"

"Ndikupita kwa wagolide wa pamsika."

"Ayi, zimenezo ayi. Ndi za Ma zimenezo."

"Ndi chifukwa chake. Adzilipirire okha ulendo wa mdzukulu wawo, popeza mkamwini wawo akusunga za kathaulo kotentha."

Sindinawayankhulepo chonchi chikwatirane. Anakhala pansi pomwepo, pamalo pawo paja pa filiji, madzi a m'malaya akudontha. Chibangili chimodzi chinavuka n'kugubuduka mpaka pa mwendo wawo. Anachitola, nachipukuta sopo ndi mpango, osandibwezera.

"Undipatse ola limodzi," anatero. "Likatha ndikuperekeza ndekha kwa wagolideyo."

Analemba m'gulu lawo lija. Ndinaima kumbuyo kwawo, mwana ali m'chiuno, n'kumawerenga. Anafunsa ngati pali njira yofikira ku Silchar mawa ndi mapointi a kampani yakunja ija. Mayankho anabwera ngati ntchentche.

"Mchimwene, wasamutsa dzana, lero ukufuna kuwotcha?"

"Ku Silchar? Kwerani ng'ombe, bwana."

"Wina amulande foni ameneyu."

Ndinaona makutu awo akufiira. Zaka zitatu anthu amenewa ankawatama kuti Tridib ndi wodekha, Tridib sawotcha. Analemba mzere umodzi: "Apongozi anga ali m'chipatala, akuitana." Patapita mphindi ziwiri foni inalira, nambala yachilendo. Anaiika kuti timve tonse.

"Purkayastha? Ndine Sethi." Anali mawu a munthu wokalamba, wa chifuwa, kumbuyo kukulira poto wa mpunga ngati wathu yemwe. "Tamvera, ndilibe nthawi. Akunjawo ali ndi mnzawo m'dziko muno, ndege zake zimapita kwanuko kudzera ku Kolkata. Pa laputopu suiona, usataye nthawi. Imba foni. Usafunse kuchokera ku Pune, funsa kuchokera ku Mumbai. Pali mwana?"

"Wa miyezi isanu ndi iwiri, Saab."

"Uwauze pomwepo amulembe, ukaiwala adzakubweza pageti. Mtengo wake ndi woipa, ndikuuziretu. Woipa kwambiri."

"Ndamva, Saab."

"Ndipo m'gulu usakalembe kuti ndakuuza ndine."

Anaimba. Kanyimbo kodikirira kanalira mphindi makumi asanu. Ine ndinamuyamwitsa mwana, ndinamusintha thewera, ndinayang'ana foni yanga mwina kakhumi kuopa kuti Dada aimbanso. Kaki Gokhale anagogoda kudzafunsa ngati tili ndi tsabola, koma ataona nkhope zathu ndi chibangili chili m'manja mwa amuna anga, anangomutenga Tultul n'kukhala naye pampando osanena nthabwala ngakhale imodzi.

Kenaka kanyimbo kanaduka, mtsikana wina n'kuyankha mwaulemu. Amuna anga anafotokoza monga anawauzira a Sethi. Tinamva zala zake nayenso, tha tha tha.

"Mawa m'mawa ilipo, bambo. Inyamuka ku Mumbai 6:10, mukasintha ku Kolkata, ku Silchar mufika cha m'ma 2 koloko masana. Koma mpando watsala umodzi, ndipo ndi wakutsogolo. Mapointi 58,000 kupita kokha, kuphatikiza msonkho ndi za mwana marupi 3,100."

"Wachiwiri palibe? Ngakhale wakumbuyo?"

"Palibe, bambo. Mpaka Lachiwiri. Ndiusunge?"

Ndinawayang'ana pakamwa. Milomo yawo inkagwedezeka popanda mawu. Ndimakudziwa kugwedezeka kumeneko, amatero akamachotsera ndi kugawa. Ngakhale ine wa kalasi ya teni ndinatha kuona kuti mapointi otsalawo sangatifikitsenso awiri ku Singapore. Mabilu onse a Kaki, fizi ya ana a mlonda, holo ya a Wagh, usiku wonse uja wa pa filiji, zonse zinali pa mpando umodzi wa ulendo umene iwo ankati anthu odziwa sauyenda.

"Bambo, muli pomwepo?" anafunsa mtsikana uja.

"Tadikirani pang'ono chabe." Anatseka foni ndi chikhato n'kutembenukira kwa ine. "Ungathe wekha?"

Apa mantha ena anandigwira, atsopano. Sindinalowepo m'bwalo la ndege. Chizungu changa ndi cha m'kalasi, munthu akayankhula mofulumira ndimangomwetulira. Ndinadziona ndili ku Kolkata, mwana akulira, chikwama chili kwina, ndege itandisiya. Ndinaganizanso za ndegeyo ili m'mwamba m'mitambo ya mvula iyi, Tultul ali pachifuwa panga.

"Ndikasochera," ndinatero.

"Sukasochera. Ndikujambulira." Anakoka kalendala, naitembenuza, nayamba kujambula kumbuyo kwake, dzanja lina litatsekabe foni. "Ukatsika uyenda molunjika, usatsatire anthu opita kotenga katundu. Chikwama chako chidutsa chokha, usachifune. Apa pali masitepe, apa akufufuzanso, mzere wa amayi uli kumanzere. Mwana umuyamwitse ndege ikamanyamuka ndi ikamatera, makutu asamupweteke."

"Mukudziwa bwanji, inu simunapiteko?"

"Ndakhala ndikupitako usiku uliwonse."

Kaki anatsokomola. "Mwana iwe, mtsikanayo akudikira. Nawenso ufuna umuimbire kanyimbo?"

Mkwiyo unali usanandithere, ndiye ndinafunsa, "Pointi imodzi ikutuluka mapaisa angati?"

"Sindinawerengere," anatero.

Linali bodza, ndinaiona milomo ija. Koma ndi bodza lokhalo limene anandinamizapo lomwe ndinalilandira. Anachotsa chikhato pa foni.

"Lembani. Jhumur Purkayastha, ndi mwana wapamiyendo." Anatchula dzina la Tultul la pa chikalata chilembo ndi chilembo, kawiri. Msonkho analipira ndi khadi lija, unakwana mwa mwayi. Foni italira kuti zadutsa, ndinaona akufuna kunena kuti apezapo mapointi angati, koma anameza.

Atadula foni anatenga dzanja langa, napaka sopo pang'ono, nabwezera chibangili chija. Sitinayang'anane. Ine ndinali ndikuwerenga maola: basi ya ku Mumbai 10 koloko usiku, ndege 6:10, ku Silchar 2 koloko, kuchokera ku bwalo kufika kuchipatala ola lina. Kuchokera nthawi imeneyo, maola oposa makumi awiri. Lachiwiri lija akanagula, bwenzi ndili kale pambali pa bedi la Ma. Ichi sindinanene, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatha kuchiiwala. Iwonso ankachidziwa.

"Nanga inu?" ndinafunsa.

"Ndikakusiya pageti, kenaka ndikakwera sitima. M'chipinda cha aliyense chija, sichifuna kusungitsa malo. Ndine mwana wa njanji, ndikaima."

"Masiku atatu?"

"Lolemba ndafika. Mapointi otsalawo ndi obwerera iwe ndi mwana, tsiku limene udzafune, kaya atuluka mapaisa angati."

Ndinakumbuka kambale kaja. Mwambo wa mpunga umafuna bambo wa mwana akhalepo, wansembe asankhe tsiku, achibale aitanidwe. Amuna anga anali atalemba kale mayina a anthu 40 oitanidwa, ndi nsomba zimene adzagule. Ndi mwana wawo woyamba.

"Tikakudikirani mpaka Lolemba," ndinatero. "Mwina Ma..."

"Ndipatse foni yako."

Anaimbira Dada okha. Anaimirira, monga amachitira akamayankhula ndi akulu.

"Dada, ndine Tridib. Jhumur ndi mwana afika mawa 2 koloko, mukawachingamire. Ayi, ine ndikubwera pambuyo, pa sitima. Chifukwa chake ndidzakuuzani ndekha, ndi cholakwa changa. Tamverani, Dada. Mawa m'mawa muwauze akazi anu aphike mpunga wa mkaka, pang'ono chabe, wokwana kambale kaja. Mupemphe anamwino akuloleni. Akangofika kuchokera ku bwalo la ndege, mumudyetse mwanayo pomwepo, pabedi la Ma, iwo akuona."

Dada ananena kanthu, ndinamva mawu oti wansembe, ndi oti tsiku labwino.

"Tsiku ndi mawa," anatero amuna anga. "Ine musandidikire."